Ulendo wa ku Fingira, Phanga la Anthu Opanda Zidzukulu

Mzuzu ndi mudzi wa dzulodzuloli. Unayamba ngati munda wa mitengo ya tung chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, ndipo unalandira ulemu wotchedwa mzinda m'chaka cha 1985. Alipo akuluakulu amene akukumbukira nthawi imene malo a msika ndi maofesi a Boma anali thengo lokhalokha. Pa chifukwa ichi akalaliki ndi aphunzitsi ambiri otumizidwa kudzagwira ntchito kuno amayesa kuti Chigawo cha Kumpoto chilibe zakale zoti munthu nkukaona, kupatula nyumba za Amishoni ku Livingstonia ndi ku Bandawe. Komatu pa phiri la Nyika, ulendo wa tsiku limodzi kuchokera mu mzinda uno, pali phanga limene anthu ankagonamo ndi kuikamo maliro zaka zoposa 6,000 zapitazo. Dzina lake ndi Fingira, ndipo oliona ndi owerengeka.

Si kuno kokha kumene malo aakulu amasowa alendo. Ku dziko la Peru, ku South America, anthu oposa miliyoni imodzi amakwera chaka ndi chaka kukaona Machu Picchu, mudzi wamiyala umene anamanga a mtundu wa Inca m'zaka za m'ma 1400. M'mapiri omwewo, pamwamba pa chigwa cha mtsinje wa Apurímac, muli mudzi wina wa a Inca wotchedwa Choquequirao, wokhala ndi makoma, mabwalo ndi minda ya masitepe yokongoletsedwa ndi zithunzi za nyama zopangidwa ndi miyala yoyera. Mzungu wa ku America, Hiram Bingham, anafika ku Choquequirao mu 1909, kutatsala zaka ziwiri kuti afike ku Machu Picchu. Koma mudzi wina unatchuka ndipo unzake unatsalira, pakuti kwina kumafika sitima ya pamtunda ndi mabasi pamene kwinaku munthu ayenera kuyenda pansi masiku awiri, kutsika chigwa ndi kukweranso. Kutchuka kwa malo kumatsata msewu.

Wofuna kupita ku Fingira achoke ku Mzuzu m'mamawa pa galimoto yolimba. Msewu umadzera ku Ekwendeni, numapatukira kumadzulo kulowa ku Rumphi podutsa pa mpata wa Njakwa, pamene mtsinje wa South Rukuru umadzipanikiza pakati pa mapiri awiri. Kuchoka pa Boma la Rumphi mumadutsa ku Bolero, likulu la a Chikulamayembe, mpaka kufika pa chipata cha Thazima, polowera m'nkhalango yotetezedwa ya Nyika, imene Boma linaikhazikitsa mu 1965 ndi kuikuza mu 1978. Kuyambira apo msewu ndi wafumbi ndi wokwera. Mitengo ya miombo imanka ichepa, mphepo imanka izizira, kufikira mutatulukira pa dambo la udzu wokhawokha logudukira mbali zonse, pamene mbidzi, achilembwe ndi ntchefu zimadya msipu poyera popanda mantha. Fingira ali kum'mwera kwa Chelinda, pa kanjira kopatuka. Sikoyenera kupitako popanda msilikali wa zanyama, chifukwa m'nkhalangomo muli njovu ndi anyalugwe, ndiponso nkhungu ya pa Nyika imasokeretsa ngakhale odziwa njira.

Thanthwelo limaonekera patali. Ndi chimwala chimodzi chachikulu chotumphuka pamwamba pa mitengo, ndipo phanga lili m'nthiti mwake, kotero kuti gawo lotsiriza la ulendo ndi la miyendo ndi ndodo. Pamenepa mtunda ndi wotalika mamita ngati 2,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo munthu wozolowera mpando wa mu ofesi amapuma kawirikawiri.

Tichenjezeretu awerengi athu kuti asapite ndi mtima wofuna kuona makoma. Ku Fingira kulibe nyumba yakugwa, kulibe mwala wosema, kulibe chilichonse chonga cha ku Peru kapena cha ku Great Zimbabwe. Kuli denga la mwala, pansi pa dothi losakanizika ndi phulusa, ndi zolembalemba za mizere pa khoma zimene sizifanana ndi munthu kapena nyama. Wothamanga angathe kuona zonsezi m'mphindi zisanu nabwerera akudandaula mafuta a galimoto. Koma wokhala pansi pakhomo pa phangalo amayamba kuzindikira chimene eni ake anasankhirapo malowa. Mvula siilowa. Mphepo imadutsa pambali. Maso amafika kutali m'zigwa zonse za m'munsi, kotero kuti mlenje akanatha kudziwa kumene kwagona nyama asanatuluke nkomwe. Ndipo akayang'anitsitsa pansi amaona timiyala toyera ta nsangalabwi, tina tochepa ngati chikhadabo, tothwa mbali imodzi. Si mvula kapena moto zimene zinaswa timiyalati. Anatisema ndi manja, ndipo ankatimata ndi utomoni ku bango kapena ku mtengo kuti tikhale mivi ndi mipeni, pa nthawi imene m'dziko lino munalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa chitsulo.

Oyamba kukumba m'phangali mwa ukatswiri anali Keith Robinson ndi Beatrice Sandelowsky, pakati pa zaka za m'ma 1960, dziko litangolandira ufulu. Anapezamo mafupa a anthu, mafupa a nyama zimene anthuwo ankadya, zipangizo za miyala ndi za mafupa, ndiponso mikanda ya zigoba. Zimene anapeza zinasindikizidwa ndi Dipatimenti ya Boma yosunga zinthu zakale, kenaka nkhani ya Fingira inagona zaka makumi asanu.

Inadzuka mu 2016, pamene Dr. Jessica Thompson, amene pa nthawiyo ankaphunzitsa pa Emory University ku America, anakwera kuphangako mogwirizana ndi akuluakulu a Dipatimenti yomweyo. Anapeza kuti dothi linali kukokoloka ndipo mafupa ena a anthu anali poyera. Tsono m'zaka zapakatizi akatswiri anali ataphunzira luso limene Robinson ndi Sandelowsky analibe, lotulutsa m'fupa lakale chinthu chotchedwa DNA, chimene munthu aliyense amalandira kwa atate ndi amake ndipo chimaonetsa chibale chake ndi anthu ena. Vuto lake ndi lakuti DNA imaonongeka msanga m'maiko otentha ndi achinyezi, ndipo ndicho chifukwa chake mafupa akale a mu Africa nthawi zambiri sanena kanthu. Apa ndi pamene chisanu cha pa Nyika, chimene alendo amachidandaula, chinagwira ntchito yabwino. Kuzizirako kunasunga mafupawo bwino lomwe.

Zotsatira zake zinalengezedwa mu 2017 m'magazini ya asayansi yotchedwa Cell. Mwa anthu akale a mu Africa amene anapimidwa, asanu ndi awiri anali a m'dziko lino: atatu a ku Fingira, awiri a ku Chencherere m'boma la Dedza, ndi awiri a ku phiri la Hora m'boma la Mzimba, amene mafupa awo anafukulidwa ndi J. Desmond Clark mu 1950. Awiri a ku Fingira anamwalira zaka pafupifupi 6,100 zapitazo ndipo wachitatu zaka pafupifupi 2,500 zapitazo. Wa ku Hora anafika zaka 8,100. Onsewa anapezeka kuti anali a mtundu umodzi, kutanthauza kuti anthu amenewa anakhala m'dziko lino, mbadwo ndi mbadwo, kwa zaka zosachepera 5,000. Mbali yaikulu ya magazi awo inali pa chibale ndi Asan ndi Akhoe a kum'mwera kwa Africa, ndipo mbali inayo ndi alenje a kum'mawa monga Ahadza a ku Tanzania.

Chimene chinadabwitsa koposa ndi ichi. Atapima Amalawi a lero, Achewa, Atumbuka, Ayao ndi Angoni, sanapeze mwa iwo chizindikiro cha magazi a anthu a m'mapangawa. Makolo athu, alimi osula zitsulo ndi oumba mbiya, anafika kuno zaka zosapitirira 2,000 zapitazo. Ng'anjo ndi mapale a pa phiri la Phopo, pafupi ndi nyanja ya Kazuni, ndi ena mwa maumboni oyamba a kufika kwawo. Anapeza dziko lili ndi eni ake, ndipo eni akewo anatha osasiya mbewu mwa ife. Agogo a m'Chigawo cha Pakati amasimba za Akafula kapena Abatwa, anthu aafupi okhala m'mapanga, amene ena amawatcha Amwandionerapati chifukwa cha funso limene amati ankafunsa mlendo aliyense, ndipo akatswiri ambiri amakhulupirira kuti nthanozi zikukumbukira otsiriza a alenje amenewa. Zojambula zofiira za ku Chongoni, malo amene bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006, zimatchedwanso zawo. Ana athu amamva za Akafula ngati nthano yoseketsa ya madzulo, osadziwa kuti anthu amene akuwasekawo anakhala m'dziko lino nthawi yaitali kuposa mitundu yathu yonse.

Apa ndiye pagona nkhani. Pa ulendo wa ku Fingira mumadutsa ku Bolero, kumene Atumbuka amasonkhana chaka ndi chaka pa mwambo wa Gonapamuhanya. Pa phiri la Hora, Angoni a Inkosi ya Makhosi M'mbelwa amasonkhana pa Umthetho, ndipo Atumbuka akukumbukirabe nkhondo ya Baza Dokowe imene inachitikira pa phiri lomwelo cha m'ma 1880. Nzabwino zimenezi, ndipo malo oterewa sangatayike, chifukwa ali ndi mafumu, ng'oma ndi zidzukulu zowalankhulira. Koma pa Hora pomwepo, m'munsi mwa thanthwe, munagona ana awiri akhanda amene anaikidwa zaka pafupifupi 14,000 ndi 16,000 zapitazo, monga zinalengezedwera mu 2022. Ndipo mu 2026 akatswiri omwewo anaulula kuti anapezapo phulusa la mulu wa nkhuni umene anatentherapo mtembo wa munthu wamkazi zaka pafupifupi 9,500 zapitazo. Anthu amenewa alibe mfumu. Palibe amene amawathirira nsembe kapena kuwavinira ingoma, ndipo palibe mudzi ungapite kwa Bwanamkubwa kukadandaula kuti manda a makolo ake akuonongeka. Otsala owasamala ndi Boma ndi sukulu basi, ndiye kuti inu amene mukuwerenga tsamba lino.

Adani a malo ngati Fingira si akuluakulu. Ndi madzi okokolola dothi, moto wolusa, mlenje wosaloledwa wosonkha moto wake m'phanga, mnyamata wolemba dzina lake ndi la bwenzi lake ndi khala pamwamba pa zojambula zakale, ndi mlendo waulemu wake amene amatola kamwala kamodzi kuti akaonetse anzake ku ofesi. Womalizayu ndiye woopsa, pakuti sadziwa kuti walakwa. Dothi la m'phanga linaunjikana pang'onopang'ono, lakale pansi, latsopano pamwamba, ndipo katswiri amadziwa zaka za chinthu poona pamene chagona ndi popima makala kapena fupa lopezeka pambali pake. Kamwala kochotsedwa pamalo pake kasanduka mwala wamba. Lamulo la 1990 loteteza zipilala ndi zinthu zakale limaletsa kukumba kapena kuchotsa zinthu zotere popanda chilolezo cha Boma, koma lamulo silikhala pakhomo pa phanga, ndipo asilikali a zanyama ali ndi dera la masikweya kilomita oposa 3,000 loti aziyang'anira.

Ife tikuona kuti aphunzitsi a mbiri yakale m'sukulu za sekondale za mu Mzuzu, Ekwendeni ndi Rumphi ali ndi mwayi umene anzawo a m'maiko ambiri alibe. Mutu wa Nyengo ya Miyala umaphunzitsidwa ndi zithunzi za m'buku, nthawi zina za mapanga a ku France, pamene phanga lenileni lili m'boma loyandikana nalo. Tikudziwa kuti kubwereka galimoto yofika ku Chelinda si ndalama yochepa, ndipo si sukulu iliyonse ingathe. Koma sukulu zimapeza ndalama zopitira ku mpira ndi kunyanja. Ngakhale aphunzitsi okha atasonkherana napita asanu kapena asanu ndi mmodzi, phunziro lawo silingakhalenso lofanana ndi la kale. Asananyamuke angayambire ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya mu Mzuzu, imene inatsegulidwa mu 1986, kuti maso azolowere kusiyanitsa mwala wosemedwa ndi mwala wongosweka. Pa Nyika pomwepo angaonenso ng'anjo zakale za Aphoka, amene ankasungunula chitsulo m'mapiri amenewa ndipo makasu awo ankagulidwa kutali. Potero ana angaone ndi maso nyengo ziwiri zimene buku limazitchula m'mitu iwiri.

Nthawi yabwino yopita ndi ya chilimwe, kuyambira Meyi mpaka Okutobala. M'dzinja maluwa a pa Nyika amakongola koposa, koma tinjira topatuka timaterera ndipo galimoto imatitimira. Mu Juni ndi Julayi madzi amatha kuuma ndi chisanu usiku, choncho tengani mabulangete ndi majekete, ngakhale muchoke ku Rumphi thukuta lili kamukamu. Mafuta a galimoto mudzaze ku Rumphi okwanira kupita ndi kubwerera, kamba ndi madzi akumwa munyamule, ndipo za msilikali wokuperekezani mupanganiretu ndi a ofesi ya zanyama pa Thazima kapena pa Chelinda, pakuti iwo ndiwo amadziwa ngati kanjira ka ku Fingira kakupitika mwezi umenewo.