Mkuwa wa pa Bokosi Ukabiriwira Musaupukute ndi Brasso

Abale ndi alongo a kuno ku DC, Maryland ndi Virginia, ambirife tili ndi timabokosi tamatabwa tomwe tinabwera nato kuchokera kumudzi, tina ta mkungudza wa ku Mulanje, tina tokhomedwa mkuwa wa ku Kitwe pachivundikiro. Ine ndimakhoma timabokosi totere kumapeto a sabata, ndipo chomwe chimandiwawa n'kuona anthu akutenga Brasso n'kupukuta mkuwa mpaka mbee, ati kuchotsa litsiro. Si litsiro limenelo ayi.

Mkuwa ukakumana ndi mpweya ndi chinyezi umayamba wada, kenako pakapita zaka umabiriwira. Azungu amati patina. Kusiyana kwake ndi dzimbiri la chitsulo n'koti iyi siidya mkuwa mpaka kubowola, imauphimba n'kuuteteza. Mukadzadutsa ku Capitol Hill mudzayang'ane denga lozungulira la Library of Congress, nyumba ya Thomas Jefferson yomwe inatsegulidwa mu 1897: ndi mkuwa umenewo. Ngakhale mitanda ya mkuwa yomwe inafukulidwa ku Ingombe Ilede ku Zambia, malo omwe anapezeka mu 1960, inatha zaka mazanamazana m'nthaka osawola.

Koma ndani angadikire zaka 20? Njira yachidule ilipo, ndipo zipangizo zake zili kukhitchini. Choyamba tsukani mkuwawo ndi sopo, muukwecheko ndi sandipepa yosalala, ndipo musaugwirenso ndi manja chifukwa mafuta a zala amasiya zidindo. Chitani zimenezi musanaukhomere pa thabwa.

Mukafuna wakuda ngati khofi, phikani dzira, muliphwanye likadali lotentha, mulitsekere m'pepala la pulasitiki pamodzi ndi mkuwa kwa maola angapo. Fungo lija la dzira ndi sulfure, ndiye amagwira ntchito. Mukafuna wobiriwira, sungunulani mchere mu viniga, muwaze, muusiye uume, mubwereze kangapo. Wa buluu umafuna mchere ndi mpweya wa amoniya m'chidebe chotseka, mkuwa uli polenjekeka osakhudza madziwo. Izi chitirani panja, mutavala magolovesi, ndipo chonde amoniya asayandikane ndi Jik, utsi wake ndi wakupha.

Pomwe ambiri amagwa m'posunga mtunduwo. Wobiriwira wopangidwa mwachangu ndi wosalimba, umayoyoka ngati ufa. Ndiye utsukuluzeni pang'onopang'ono ndi madzi kuti mchere uchoke, chifukwa mchere wotsalira ukapeza chinyezi cha kuno cha mu July ndi August umayambanso kudya mkuwa. Uume masiku awiri kapena atatu, kenako pakani phula pang'ono ndi kansalu kofewa. Ine ndimakonda Renaissance Wax, phula lomwe linapangidwira ku British Museum. Phula la njuchi limathekanso, kungoti limagwira fumbi. Dziwani kuti phula limadetsako mtundu, choncho yesani kaye pa kachidutswa.

Thabwa nalo lili ndi khalidwe lake. Nthawi yozizira hita ikamayaka m'nyumba thabwa limauma n'kufota pomwe mkuwa sufota nawo, ndiye mukaumata ndi guluu ponseponse umatukumuka. Bola timisomali tamkuwa, mabowo ake otakasukako pang'ono. Thabwa la oak, lomwe ladzaza m'masitolo a kuno, limatulutsa asidi wodya zitsulo. Lipakeni vanishi musanaikepo mkuwa.

Mkati mwa bokosi musaikemo mkuwa wobiriwira ngati mukufuna kusungamo masamba a tiyi wa ku Thyolo kapena mtedza, poti chobiriwiracho ndi poizoni.