Kodi mumadziwa? Pamene wailesi zakanema zinkasaka zigawenga

Kodi mumadziwa kuti mapulogalamu apakanema opempha anthu kuthandiza apolisi anayamba chifukwa cha mphindi zisanu zotsalira? Mu 1962, wailesi yakanema ya ATV ku London inali ndi kampata kosowa choikapo, ndiye inapatsa bambo Shaw Taylor kuti azionetsa katundu wobedwa ndi nkhope za anthu amene apolisi akuwafuna. Pulogalamuyo, Police 5, inakhala zaka 30.

Kodi mumadziwa kuti amene anaikuza ntchitoyi ndi Ajeremani? Pa 20 Okutobala 1967, mtolankhani Eduard Zimmermann anayambitsa Aktenzeichen XY... ungelöst pa wailesi ya ZDF. Iye ankatenga milandu imene yawakanika apolisi, n'kupeza akatswiri a zisudzo kuti ayeserere momwe chiwembucho chinachitikira, kenaka n'kupereka nambala ya foni. Anaiulutsa yekha mpaka 1997, ndipo mpaka lero ikadalipo. Eni ake amati pa milandu 10 iliyonse imene aonetsa, pafupifupi 4 imadziwika mutu wake. Sikuti onse anaikonda ayi. Panali patangopita zaka 22 chitherenicho ulamuliro wa Hitler, nthawi imene munthu ankatha kuonongeka chifukwa choti woyandikana naye nyumba wakamunenera, choncho ena ankaona ngati kanema akuphunzitsanso anthu khalidwe lomwelo. Mmodzi mwa amene analemba modzudzula, mu 1968, anali mtolankhani Ulrike Meinhof. Patangopita zaka zochepa mayiyu anakhala mmodzi wa atsogoleri a gulu la zigawenga la Red Army Faction, nkhope yake ili pazikwangwani dziko lonse. Anamugwira mu Juni 1972 kufupi ndi Hanover, mphunzitsi amene anamusunga m'nyumba atatsina khutu apolisi.

Kodi mumadziwa kuti mlandu woyamba kuonetsedwa pa Crimewatch ya BBC unatenga zaka zoposa 25 kuti uthe, ndipo sanauthetse ndi kanema? Pulogalamuyi inayamba pa 7 Juni 1984, oulutsa ake ali Nick Ross ndi Sue Cook. Nkhani yoyamba inali ya Colette Aram, mtsikana wa zaka 16 amene ankaphunzira ntchito yokonza tsitsi. Anamugwira usiku wa pa 30 Okutobala 1983 m'mudzi wa Keyworth ku Nottinghamshire akupita kukaona bwenzi lake, ndipo mtembo wake unapezeka m'munda m'mawa mwake. Wakuphayo anachita kulembera apolisi kalata yowanyogodola kuti sadzamupeza. Mafoni anabwera mazanamazana, koma wogwidwa panalibe. Mu 2008 apolisi anagwira mnyamata wina pa mlandu wapamsewu, n'kumuyeza DNA monga amachitira ndi aliyense womangidwa kumeneko. Zotsatira zake zinafanana kwambiri ndi za wakupha uja, koma mnyamatayo anali asanabadwe mu 1983. Apolisi anangotembenukira kwa bambo ake, Paul Hutchinson. Anavomera mlandu, ndipo mu Januwale 2010 khoti linagamula kuti akhale kundende moyo wake wonse. Anafera komweko chaka chomwecho.

Kodi mumadziwa kuti pali chigawenga china chimene chinagwidwa chifukwa cha mawu ake okha? Mu Januwale 1992, Stephanie Slater, wa zaka 25, amene ankagwira ntchito pakampani yogulitsa nyumba ku Birmingham, anapita kukaonetsa nyumba kwa munthu amene ankadzitcha wogula. Munthuyo anamuba n'kukamutsekera masiku 8 m'kabokosi kothina, atamumanga m'maso. Anafuna dipo la mapaundi 175,000, ndipo ngakhale apolisi ambirimbiri ankalondola amene ananyamula ndalamazo, iye anazitenga usiku wa nkhungu n'kuzimiririka. Mtsikanayo anamumasula ali moyo. Chimene apolisi anatsala nacho chinali tepi ya mawu ake apafoni. Ataiseweretsa pa Crimewatch mu Febuluwale, mayi wina anazindikira mawu a mwamuna wake wakale, Michael Sams, amene ankakonza zipangizo zamagetsi m'tauni ya Newark. Mu 1993 anamupeza wolakwa pa mlanduwu komanso pa kupha Julie Dart, mtsikana wa zaka 18 wa ku Leeds. Usiku wa pulogalamu ija anamva mawuwo ndi anthu mamiliyoni, koma apolisi ankangofuna khutu limodzi lokha, la munthu amene anakhalapo naye nyumba imodzi. Mukaifufuza milandu yambiri imene inatheka kudzera m'mapulogalamuwa mupeza zomwezo: woimba foni yothandiza kawirikawiri amakhala mkazi wakale, mnzake wakuntchito kapena wapakhomo loyandikana. 

Kodi mumadziwa kuti America's Most Wanted inagwira munthu wake woyamba patangopita masiku 4? Inayamba pa 7 Febuluwale 1988 pa wailesi ya Fox, ndipo inaonetsa David James Roberts, wakupha amene anathawa m'manja mwa oyang'anira ndende ku Indiana. Anthu a ku New York anadabwa kuona pakanema nkhope ya bambo amene ankayang'anira malo ogona anthu osowa pokhala.

Nanga mumadziwa kuti woulutsa wake, John Walsh, sanali mtolankhani kapena wapolisi? Anali wabizinesi ya mahotela ku Florida. Mwana wake Adam, wa zaka 6, anabedwa m'sitolo mu Julayi 1981 n'kuphedwa. Apolisi anatseka mlanduwo mu Disembala 2008, n'kunena kuti wakupha anali Ottis Toole, amene anali atamwalira kale kundende mu 1996. Bambo amene pulogalamu yake inathandiza kugwira anthu oposa 1,000 sanaonepo wopha mwana wake ataimirira m'khoti pa mlanduwo.

Kodi mumadziwa kuti chidole cha dongo chinagwiritsa munthu amene anabisala zaka pafupifupi 18? John List anali wowerengera ndalama, bambo wodekha, mphunzitsi wa Sande sukulu ku Westfield, New Jersey. Ntchito itamuthera sanauze aliyense. M'mawa uliwonse ankavala suti n'kukakhala pasiteshoni ya sitima akuwerenga nyuzipepala. Pa 9 Novembala 1971 anawombera mayi ake, mkazi wake ndi ana ake atatu. Anauza kusukulu kuti anawo achokapo kwa kanthawi, anaimitsa wobweretsa mkaka ndi makalata, ndipo anadula nkhope yake pazithunzi za m'nyumbamo. Mitemboyo inapezeka patapita pafupifupi mwezi. Pofika 1989 zithunzi zake zimene zinalipo zinali zakalekale, ndiye okonza America's Most Wanted anapempha katswiri wosema ndi kuumba, Frank Bender, kuti aumbe mutu wa List monga angaonekere atakalamba. Bender anagwetsa masaya, anachepetsa tsitsi, n'kumuveka magalasi a felemu yochindikala poganiza kuti munthu wofuna kuoneka wolemekezeka angasankhe oterowo. Chidolecho chinaonetsedwa pa pulogalamuyo pa 21 Meyi 1989. Mayi wina amene anayandikana naye nyumba ku Denver anati ameneyu ndi Bob Clark, dzina limene List ankadzitcha kumeneko. Pa 1 Juni la fote linakwana: anamunjata ali kuofesi ku Richmond, Virginia, atakwatiranso, akupembedza monga kale, magalasi ake ali ofanana ndi a chidole chija. Anafera kundende mu 2008.

Kodi mumadziwa kuti wailesi ya Fox itaimitsa America's Most Wanted mu 1996, apolisi, abwanamkubwa a zigawo ndi oonera wamba anadandaula mpaka inabwerera pasanathe miyezi iwiri?

Kodi mumadziwa kuti njira youlula chigawenga popanda kutchula dzina lako inayambira pamalo omwetsera mafuta? Mu Julayi 1976, ku Albuquerque m'chigawo cha New Mexico, mbava zinawombera Michael Carmen, wophunzira wa payunivesite amene ankagwirako ganyu usiku. Wapolisi wofufuza milandu, Greg MacAleese, anaona kuti mboni zimakhala chete pa zifukwa ziwiri, mantha ndi kusalabadira. Anakonza sewero la chiwembucho pakanema, n'kulonjeza kuti woimba foni safunsidwa dzina ndipo alandira kangachepe. Pasanathe masiku atatu anthu awiri anamangidwa. Apo ndi pamene panabadwira Crime Stoppers, imene inafika ku Britain mu 1988.

Koma kodi mumadziwa kuti chala chomwecho chimathanso kuloza wosalakwa? Pa 15 Julayi 1992, Rachel Nickell, wa zaka 23, anabayidwa mpaka kufa pabwalo la Wimbledon Common ku London, mwana wake wa zaka 2 akuona. Nkhaniyi itaonetsedwa pa Crimewatch, oimba foni angapo anatchula Colin Stagg, bambo wosakwatira, wosacheza ndi anthu, amene ankakonda kuyendetsa galu wake pamalopo. Umboni womugwirizanitsa ndi imfayo panalibe. Apolisi anatumiza wapolisi wamkazi kuti anamizire kumufuna chibwenzi, ndipo kwa miyezi ingapo ankamulembera makalata ndi kukumana naye, kumunyengerera kuti avomere. Stagg sanavomere, komabe anamutsekera miyezi 13 podikira mlandu. Mu Sepitembala 1994 woweruza wa kukhoti la Old Bailey anakana umboniwo, n'kudzudzula apolisi kuti anachita zachinyengo. Kumasulidwa kwake sikunamuyeretse pamaso pa anthu, chifukwa nyuzipepala zina zinapitiriza kumulemba ngati wakupha wopulumuka. Wakupha weniweni, Robert Napper, anali pamtendere nthawi imene apolisi ankalimbana ndi Stagg, ndipo mu Novembala 1993 anaphanso Samantha Bisset ndi mwana wake wamkazi wa zaka 4 ku Plumstead. DNA ndi imene inamuulula, ndipo anavomera mu Disembala 2008. Chaka chomwecho Stagg analandira chipukutamisozi cha mapaundi 706,000. Chowawa kwambiri pa nkhaniyi n'chakuti mu 1989, zaka zitatu Rachel asanaphedwe, mayi ake a Napper anaimbira apolisi kuwauza kuti mwana wawo waulula zoti anagwiririra mayi wina. Apolisi sanailondole nkhaniyo. Kwa ine, mlandu uwu ndi umene umayeza bwino mapulogalamuwa. Foni ya mayi wobereka, amene ankadziwa chimene akunena, inatayidwa. Mafoni a anthu amene ankangoona kuti Stagg ndi wachilendochilendo ndiwo anamveka.

Kodi mumadziwa kuti woulutsa Crimewatch anadzakhala nkhani ya pa Crimewatch? Jill Dando anayamba kuulutsa pulogalamuyi limodzi ndi Nick Ross mu 1995. Pa 26 Epulo 1999, dzuwa lili pamutu, munthu wina anamuwombera chipolopolo chimodzi m'mutu ali pakhomo la nyumba yake ku Fulham. Anali ndi zaka 37, ukwati wake uli pafupi. Anzake akuntchito anachita kukonza sewero la imfa yake n'kupempha mboni, monga iye ankachitira ndi imfa za ena. Mu 2001 khoti linapeza Barry George, bambo wa m'dera lomwelo, kuti ndi wolakwa, podalira kwambiri kachidutswa kamodzi kosaoneka ndi maso ka wonga wa mfuti kamene akuti kanali m'thumba la chikhoti chake. Akatswiri anadzanena kuti kachidutswako kakanatha kuchokera kwina kulikonse. Chigamulocho chinafafanizidwa mu 2007, ndipo atazengedwanso mu 2008 anapezeka wosalakwa, atakhala kale m'ndende zaka 8. Wopha Dando sanapezeke mpaka lero. 

Kodi mumadziwa kuti Nick Ross ankatsiriza pulogalamu iliyonse pouza oonera kuti asalote zoopsa, agone bwino? Ankatero podziwa kuti munthu akaonera ziwembu ola lathunthu amayamba kuganiza kuti kunja kwadzaza akupha, pomwe milandu yotere ndi yosowa. Anasiya mu 2007 atagwira zaka 23.

Kodi mumadziwa kuti ku Brazil kunali woulutsa amene anamuganizira kuti ankadzipangira yekha nkhani? Wallace Souza, amene poyamba anali wapolisi kenaka phungu wa nyumba ya malamulo ya chigawo cha Amazonas, ankaulutsa pulogalamu ya zaumbanda ya Canal Livre mumzinda wa Manaus. Ojambula ake ankafika pamalo a chiwembu msanga modabwitsa, nthawi zina apolisi asanafike. Mu 2009 apolisi anati iye ndiye ankalamula kuti ena mwa anthuwo aphedwe. Anakana, ndipo anamwalira mu 2010 khoti lisanagamule.

Kodi mumadziwa kuti BBC inaimitsa Crimewatch yausiku mu 2017, itakhala zaka 33? Pachimake pake inkaonedwa ndi anthu pafupifupi 14 miliyoni, koma chiwerengero chinatsika kwambiri, ndipo apolisi anali atayamba kale kuika zithunzi za makamera achitetezo pa Facebook ndi Twitter tsiku lomwelo la chiwembu, osadikira pulogalamu ya kamodzi pamwezi. Yatsala ndi yam'mawa, imene imaulutsidwa masabata ochepa pachaka. Ya ku Germany ija sinagwe. Mu Juni 2020, apolisi a kumeneko atafuna kulengeza kuti ali ndi Mjeremani wina amene akumuganizira pa nkhani ya Madeleine McCann, mwana wa zaka 3 wa ku Britain amene anasowa ku Praia da Luz m'dziko la Portugal pa 3 Meyi 2007, anapita pa Aktenzeichen XY. Anaonetsa magalimoto awiri, Volkswagen yogonamo ndi Jaguar, komanso manambala awiri a foni, n'kupempha aliyense amene anawaonapo kuti aimbe. Mafoni anabwera ochuluka, koma palibe amene wazengedwa mlandu wa kusowa kwa mwanayo.