Chikande ndidachidya, duwa lake sindidalione

Shifiti ya usiku ikatha ndimafika kunyumba kuno ku Barking cha m'ma 9 koloko m'mawa, maso ali gwa, tulo osabwera. Amene adagwirapo ntchito ya usiku akudziwa zimenezi: thupi latheratu koma mutu ukadali kuwodi, ukuwerengabe madontho a diripi. Anzanga ena amayatsa kanema, ena amaimba foni kumudzi. Ine kwa zaka zitatu tsopano ndimatenga foni n'kuyamba kujambula duwa lomwe lili pazenera la kukhitchini.

Duwalo ndidaligula musupamaketi, pashelefu ya zinthu zotsitsidwa mtengo, litafota mbali imodzi ngati wodwala amene abale ake amutaya mtima. Ndi la mtundu wa orchid, ndipo akatswiri amalitcha Phalaenopsis. Kwawo kwenikweni ndi kumaiko monga Philippines ndi Indonesia, koma ambiri amene amagulitsidwa kuno amalimidwa m'nyumba zamagalasi ku Netherlands.

Zithunzi zanga zoyamba zidali zomvetsa chisoni. Ndinkayatsa fulashi, duwa loyera lija n'kutuluka ngati pepala la sopo, kumbuyo kukuoneka ketulo ndi mbale zosatsuka. Pang'onopang'ono ndidaphunzira. Fulashi ndidaisiya. Kuwala kwabwino ndi kwa pazenera kunja kukachita mitambo, ndipo mitambo ndiye sitisowa kuno ku England. Kumbuyo ndimapachika siketi yanga yakuda ya kumaliro, mtunda ngati mkono umodzi kuchoka paduwa, kuti nsaluyo isaoneke ulusi wake. Mbali yomwe kuli mthunzi ndimaimika envulopu yoyera kuti ibweze kuwala. Foni ndimaitsamiritsa pamabuku, chifukwa dzanja la munthu amene wachezera usiku wonse limanjenjemera.

Chomwe chidandisangalatsa koposa n'kuika duwa pakati pa ine ndi zenera. Kuwala kukadutsa m'kati mwake, timitsempha tonse timaonekera, ngati mkono wa gogo ukaufunafuna poti ubaye singano. Ukayandikira kwambiri umaona kuti pakati pali kachinthu konga lilime, pomwe tizilombo touluka timatera. Ndikajambula kameneka kokha, anthu pa WhatsApp amatsutsana: wina akuti ndi mbalame, wina akuti ndi nkhope ya nyau.

Tsiku lina panthawi yopumula ndikuonetsa zithunzizi, namwino mnzanga wa ku Chipata adatsegula kontena yake n'kundipatsa kachidutswa kofiirira, kofewa ngati nyama ya m'chitini. Fungo lokha lidandifikitsa ku Dedza. Chidali chikande, chomwe iwo a ku Zambia amati chikanda ndipo abale athu a kumpoto amati chinaka.

"Idyani, amayi," adatero akuseka. "Koma mudziwe kuti mukudya m'bale wake wa duwa lanu lija."

Ndidamutsutsa. Chikande ndimachidziwa ine. Agogo anga aakazi ankapita kudambo mvula ikatha, n'kubwera ndi timbatata ting'onoting'ono m'kansengwa. Ankatitsuka, kutisinja mumtondo, kutiphika ndi nsinjiro, chidulo, mchere ndi tsabola, n'kumavundula mpaka mthiko kuima wokha. Chikazizira chinkalimba, ife n'kumadula ndi mpeni. Duwa lidalowa pati pamenepa?

Usiku womwewo ndidafufuza, ndipo manyazi adandigwira. Mnzangayo ankanena zoona. Timbatata tija ndi ta ma orchid omera pansi, a m'magulu otchedwa Disa, Satyrium ndi Habenaria. Zaka zonse zimene ndidakhala kumudzi, chomerachi ndinkachidziwira kunsi kokha. Nthawi yomwe chimachita maluwa, mu January ndi February, ife tidali kalikiliki kupalira ndi kubandira, ndipo kudambo kudali kodzadza madzi. Ndani akadapita kukayang'ana maluwa?

Dziko la Malawi lili ndi mitundu ya ma orchid yoposa 400, pomwe Britain yense ali ndi mitundu ya kutchire yongopitirira pang'ono 50. Ku Nyika kokha, komwe kudakhazikitsidwa paki yoyamba ya dziko lathu mu 1965, kuli mitundu pafupifupi 200. Pali ngakhale buku lonse, Orchids of Malawi, lomwe Isobyl la Croix ndi anzake adatulutsa mu 1991. Ine sukulu yonse ndidamaliza, mpaka digiri, osamvapo za bukuli.

Monga namwino, chidandiseketsa n'chakuti dzina loti orchid lidachokera ku mawu a Chigiriki otanthauza ziwalo ziwiri zija za abambo, chifukwa zomera zambiri za mtunduwu zimakhala ndi timbatata tiwiri pansi. Koma nkhani ya timbatata tiwirito si yoseketsa. Kamodzi ndi kakale, kofota, komwe kadyetsa chomera chaka chino. Kenako ndi katsopano, kolimba, komwe kasunga chakudya cha chaka chamawa. Wokumba amafuna kolimbako. Akakachotsa, chomeracho chathera pomwepo. Njere zake n'zazing'ono ngati fumbi, zilibe chakudya m'kati, ndipo sizimera pokhapokha zitakumana ndi timizu ta bowa ta m'nthaka tozidyetsa. N'chifukwa chake sungangofesa chikande m'dimba ngati mpiru.

Pamene agogo ankakumba kansengwa kamodzi ka banja, dambo linkapirira. Lero chikande ndi malonda. Ku Zambia chimagulitsidwa m'misika ya m'tauni mpaka ku Lusaka, moti amalonda amakatenga timbatata kumaiko oyandikana nawo. Kafukufuku amene adasindikizidwa mu 2003 adayerekeza kuti timbatata pakati pa 2 miliyoni ndi 4 miliyoni tinkachoka kumapiri a kummwera kwa Tanzania kulowa m'Zambia chaka chilichonse. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zomwe boma la Tanzania lidasandutsira phiri la Kitulo kukhala paki mu 2005, makamaka pofuna kuteteza maluwa.

Sindikuloza chala mayi wokumba. Amene akulera ana amasiye, fetereza atakwera mtengo, sangasiye ndalama pansi chifukwa choti ine wa ku London ndakonda duwa. Chala ndikudziloza ndekha ndi anzanga tili kunja kuno, ife amene munthu akamabwera kuchokera kumudzi timamutumizira mndandanda: usipa, ufa woyera, Nali, "ndi kachikande mukakapeza". Ndalama yathu ndi yolemera, ndipo ikafika pamsika khasu limalowa pansi. Tidziwenso kuti ma orchid onse ali pansi pa pangano la maiko lotchedwa CITES, choncho kudutsa nawo malire popanda chilolezo, ngakhale timbatata chabe, n'kuphwanya lamulo.

Chaka chilichonse mu February, ku Kew Gardens kumakhala chionetsero cha ma orchid. Kuchokera ku Barking ndi sitima imodzi ya District line, ulendo wopitirira ola, kudutsa London yense. Mu 2023 mutu wake udali dziko la Cameroon, mu 2024 Madagascar. Ndidapita konse kuwiri. Kunja kuli chisanu choluma makutu, m'nyumba yamagalasimo muli chinyontho chofunda ngati ku Nkhata Bay, moti diso la kamera limachita nthunzi, uyenera kudikira kaye liume. Anthu amaima pamzere, ena atanyamula makamera a mtengo wa galimoto. Ndidajambula zithunzi zambirimbiri, koma pobwerera m'sitima mtima udali pa duwa limodzi lomwe ndidali ndisadalionebe.

Ndiye ndidaimbira mwana wa mchemwali wanga ku Dedza, mtsikana wa Fomu 3. Ndidamutumizira ya mayunitsi n'kumupempha kuti apite ndi mayi wina wachikulire amene ankakumba limodzi ndi agogo, akandijambulire duwa la chikande. Kudambo la agogo sadapeze kanthu; theka lake pano ndi madimba a kabichi ndi mbatatesi. Adayenda mpaka kutsidya, kufupi ndi phiri, n'kupezako ziwiri zokha.

Chithunzi choyamba chidabwera chili mbuu, chala chake chitaphimba ngodya. Ndidamuimbiranso. "Iwe, gwada pansi, foni ifanane msinkhu ndi duwalo. Dzuwa likhale kumbali, osati kumsana kwako. Dina paduwapo pasikirini, ugwire mpweya, kenako jambula."

"Anti, ndinyowatu," adadandaula.

"Nyowa, ndikugulira siketi ina."

Chachiwiri chidatheka. Phesi limodzi lowongoka lotuluka mu udzu, timaluwa tofiirira titandandalikana mpaka kunsonga, kalikonse kali ndi kachipewa kake, madontho a mvula akadali pomwepo. Kumbuyo kukuoneka mapazi a mayi aja, opanda nsapato, ndi msonga ya khasu lomwe adalitenga mwachizolowezi. Mtsikanayo akuti mayiwo adafunsa ngati akumbe anditumizire, iye n'kuwauza kuti anti angofuna chithunzi basi. Akuti adaseka mpaka kukhala pansi.

Chithunzicho ndidakachapitsa m'tauni ya Barking, ndipo chili pakhoma la kukhitchini, pafupi ndi zenera lija. Mvula ikubwerayi tapangana kuti apitenso pamalo omwewo, akaone ngati ziwiri zija zidakalipo.