Mkuwa, Phula ndi Moto: Luso la Amisiri a Chihindu

 Moni wapadera upite kwa inu a kwa Mfumu Kaomba ku Kasungu, pakuti nkhani ya lero ikukhudza luso limene makolo anu ankalidziwa bwino, luso logonjetsa chitsulo ndi moto. Fodya asanadzaze zigwa za Kasungu, dera limeneli linali lotchuka ndi ng'anjo zazitali zadongo zimene amisiri ankayengeramo chitsulo cha makasu ndi nkhwangwa. Ntchitoyi inazilala cha m'ma 1930, koma zotsalira za ng'anjozo zikuonekabe m'nkhalango ya Kasungu National Park. Tsono lero tiwoloke nyanja, tipite kummwera kwa India, kumene luso lofanana ndi limeneli silinafe.

Pano pa Malaŵi tili ndi anzathu achimwenye a chipembedzo cha Chihindu, ndipo ali ndi akachisi awo m'mizinda monga Blantyre ndi Lilongwe. Pa kupembedza kwawo amagwiritsa ntchito zifanizo za milungu zimene amazitcha murti, zina zamwala, zina zamkuwa. Zamkuwa zotchuka koposa zinapangidwa m'nthawi ya mafumu a Chola, amene analamulira dziko la Atamil kuyambira cha m'ma 850 kufikira cha m'ma 1279. Mfumu Rajaraja Woyamba ndiye anamanga kachisi wamkulu wa ku Thanjavur, amene anamalizidwa cha m'ma 1010. Chifanizo chamwala cha m'kati mwa kachisi sichisuntha. Choncho panafunika zifanizo zonyamulika, zoti pa masiku a chikondwerero azivekedwa nsalu ndi maluwa n'kuyendetsedwa m'misewu, kuti ngakhale iwo amene sankaloledwa kulowa m'kachisi aone mulungu wawo. Mkuwa ndiwo unakwanitsa ntchitoyi.

Kodi chifanizo chotere chimapangidwa bwanji? M'tauni ya Swamimalai, m'mbali mwa mtsinje wa Kaveri, muli mabanja a amisiri otchedwa sthapati amene akutsatabe njira ya makolo awo. Poyamba mmisiri amasakaniza phula la njuchi ndi utomoni wa mtengo ndi mafuta pang'ono, kuti phulalo lisakhale lofewa kwambiri kapena losweka msanga. Ndi phulali amaumba chifanizo chonse, kuyambira chisoti cha kumutu kufikira zala za kumapazi. Saumba mwa maganizo ake okha, ayi. Mabuku akale otchedwa Shilpa Shastra amalamula kukula kwa chiwalo chilichonse, ndipo muyeso wake ndi utali wa nkhope. Mmisiri amadula tsamba la kokonati lotalika ngati chifanizocho, nalipinda m'magawo, ndipo tsambalo ndilo limakhala chingwe chake choyezera.

Akatha kuumba, amamata phulalo ndi dongo losalala la mu mtsinje wa Kaveri, limene limalowa m'timizere tonse. Pamwamba pake amamatanso dongo lokhuthala, namanga ndi waya, n'kusiya kabowo. Chikombolecho chikauma padzuwa amachiotcha pamoto, ndipo phula lija limasungunuka n'kutuluka, kusiya mphako yokhala ndi maonekedwe enieni a chifanizo. M'mphakomo ndimo amathira mkuwa wosungunuka. Mwa mwambo, chitsulocho chimatchedwa panchaloha, kutanthauza zitsulo zisanu: mkuwa ndiwo umachuluka, ndipo amaonjezamo zina monga mtovu, pamodzi ndi kasiliva ndi kagolide kochepa. Chikazizira, amaswa chikombole ndi nyundo, kenako amasema ndi kupalapala kufikira chitasalala.

Taonani, omvera, mmene ntchitoyi ilili yoika moyo pachiswe. Phula latha, chikombole chasweka. Mpweya ukatsekeredwa m'kati, kapena mkuwa ukazizira usanafike ku zala, ntchito ya milungu yambiri yapita pachabe ndipo mmisiri ayenera kuyambiranso. Ichi ndicho chifukwa chake palibe zifanizo ziwiri zofanana ndendende. Chomaliza pa zonse ndi maso. Amasemedwa pa mwambo wapadera wotsegula maso, ndipo kwa Mhindu, kuyambira pamenepo chifanizocho sichilinso chitsulo wamba koma malo amene mulungu amakhalamo polandira mapemphero.

Tiyeni tione chimodzi chodziwika pa dziko lonse, Nataraja, ndiye kuti mulungu Shiva monga mfumu ya ovina, amene kachisi wake wamkulu ali ku Chidambaram. Ali ndi manja anayi, pakuti manja ambiri amasonyeza mphamvu zambiri zogwira ntchito nthawi imodzi. Dzanja lamanja lakumwamba lagwira kang'oma, kamene kulira kwake ndiko chiyambi cha chilengedwe. Lamanzere lakumwamba lanyamula lawi la moto umene udzathetsa dziko kuti liyambikenso. Lamanja lakumunsi latambasula chikhatho, kuuza wopembedza kuti asaope. Lamanzere lakumunsi likuloza phazi lokwezedwa, limene ndi pothawirapo pa mzimu wofuna kumasulidwa. Phazi linalo laponda kamunthu kotchedwa Apasmara, chizindikiro cha umbuli. Kuzungulira zonsezi kuli mkombero wa malawi a moto. Inu amene mumadziwa Gule Wamkulu simungadabwe ndi zimenezi, pakuti nanunso mukudziwa kuti chigoba ndi kavinidwe zimanyamula chiphunzitso chimene mlendo sangachimve ndi maso okha.

Kutchuka kwa zifanizozi kwabweretsa ulemu ndi tsoka lomwe. Mu 2004 boma la India linapereka Nataraja wotalika mamita 2 ku CERN, likulu la kafukufuku wa sayansi pafupi ndi Geneva. Mu 2023, pa msonkhano wa G20 ku New Delhi, kunaimikidwa wina wotalika pafupifupi mamita 8, wopangidwa ndi amisiri a ku Swamimalai. Koma mtengo wake wakopanso mbala. Nataraja wa m'mudzi wa Sripuranthan anabedwa m'kachisi, ndipo mu 2008 anagulidwa ndi National Gallery of Australia pa ndalama pafupifupi madola 5 miliyoni a ku America. Chinyengo chitaululika, nduna yaikulu ya Australia, Tony Abbott, inabweza chifanizocho ku India mu 2014. Chinathandiza kwambiri pa mlanduwo chinali chithunzi chakale chimene ofufuza anajambula chifanizocho chikadali kwawo.

Apa pali phunziro kwa ife. Chuma cha makolo chimene sichinalembedwe kapena kujambulidwa chikatayika, mwini wake amasowa umboni. Ndipo luso limakhala ndi moyo pokhapokha mwana akakhala pambali pa bambo wake n'kumaona. Ku Swamimalai unyolo umenewo sunaduke. Ku Kasungu unaduka pamene makasu a kusitolo anafika. Choncho, inu a kwa Kaomba, kwa Chulu, kwa Mwase ndi madera ena, mukapeza ng'anjo yakale potsegula munda, musaigumule. Dziwitsani amfumu ndi a nthambi ya boma yoona za zinthu zakale, ndipo funsani akuluakulu zimene anamva kwa makolo awo, muzilembe nthawi ikadalipo.