Za Mwana Wosinza m'Sukulu

Abale, ndi inu aphunzitsi a m'midzi, pali mlandu umene tifuna kuti tiuweruze pamodzi. M'sukulu iliyonse muli mwana amene akhala kumbuyo, mutu uli pansi, nasinza pamene anzake awerenga. Chimene aphunzira lero, mawa wachiiwala. Timutcha waulesi kapena mbuli, ndipo kawirikawiri tithamangira mkwapulo. Pambuyo pake mwanayo aleka sukulu, napita kukaweta mbuzi. Koma kodi tinayamba tamfunsa chimene anadya, ndi nthawi imene anagona?

Pakuti ubongo ndiwo mnofu, monga dzanja ndi mwendo, ndipo ufuna kudyetsedwa. Mwa munthu wamkulu ulemera ngati magawo 2 okha mwa magawo 100 a thupi lonse, koma utenga magawo ngati 20 a mphamvu imene thupi ligwiritsa ntchito. Ndipo mwa mwana wamng'ono utenga koposa apo. Tsono mwana amene anagona ndi njala, nauka m'mamawa nayenda mtunda wautali pamimba popanda kanthu, adzawerenga ndi chiyani?

Ndiponso kukhuta kokha sikukwanira. Ilipo nthenda imene madokotala aitcha pelagra, yogwira anthu amene adya chimanga masiku onse popanda ndiwo zokwanira. Khungu lida ndi kusenda pamene paomba dzuwa, pakhosi ndi kunja kwa manja, m'mimba mutseguka, ndipo potsiriza nzeru zisokonezeka, kotero kuti anthu akhoza kunena kuti munthuyo wapenga kapena walodzedwa. Ku America ambiri anayesa kuti ndi nthenda yopatsirana, kufikira dokotala Joseph Goldberger, amene boma linamtuma m'chaka cha 1914, anayesa kupatsa ana amasiye a ku Mississippi mkaka, nyama ndi mazira, ndipo nthendayo inatha pakati pawo. Chosowacho, monga zinadziwika pambuyo pake, ndicho vitamini yotchedwa niacin, imene thupi silitha kuitenga bwino m'chimanga.

Tisayese kuti izi nzakutali. M'chaka cha 1990, m'dziko lathu lino la Malawi, abale athu othawa nkhondo ya ku Mozambique analeka kulandira mtedza kwa miyezi ingapo, natsala ndi ufa. Ndipo oposa 18,000 anagwidwa ndi nthenda yomweyi. Taonani, mtedza womwewo umene tithamanga nawo kumsika tikangokolola, osasiyako ndi wa nsinjiro womwe! Sitinena kuti mwana aliyense wosinza ali ndi pelagra, iai. Koma nthendayi itiphunzitsa poyera kuti chimene chilowa m'mbale chifika ndi kumutu. Chimodzimodzi mchere: wokhala ndi ayodini uletsa chotupa cha pakhosi, nuthandiza ubongo wa mwana kukula, kuyambira ali m'mimba mwa amake.

Tsopano za tulo. Ambiri a ife tiyesa kuti kugona ndiko kungoleka ntchito, ndipo titama munthu wogona pang'ono monga wakhama. Koma pogona ubongo suli chete. M'chaka cha 1924, ku sukulu yaikulu ya Cornell, akatswiri awiri, Jenkins ndi Dallenbach, anaphunzitsa anyamata awiri timawu topanda tanthauzo kuti atiloweze pamtima. Nthawi zina anawagoneka atangophunzira, nthawi zina anawasiya ali maso kwa maola omwewo. Ndipo anapeza kuti atagona anakumbukira zambiri koposa. Ofufuza a m'mbuyo mwawo atsimikiza kuti m'tulo ndimo zophunzira za usana zikhazikika, monga mbewu imene yakwiriridwa. Madokotala anena kuti mwana wa zaka 6 kufikira 12 ayenera kugona maola 9 kufikira 12, ndipo munthu wamkulu maola osachepera 7.

Nanga ana athu awapeza kodi maolawa? Wina wachezera kuvina pa mwezi, wina wachezera kuonera kanema kapena lamya ya m'manja, wina walumidwa ndi udzudzu usiku wonse chifukwa ukonde wake unapita kudimba kukatchinga mbewu. Ndipo ife akulu tilibe pobisala. Tidzutsa mwana tambala woyamba kuti akatunge madzi, ndipo madzulo timkalipira kuti walephera masamu.

Chifukwa chake tipempha inu aphunzitsi kuti musanakweze dzanja pa mwana wotere, mumtengere pambali, anzake osamva, pakuti njala ichititsa manyazi, ndipo mumfunse mafunso awiri aja. Mukapeza kuti vuto lili kunyumba, mukacheze ndi makolo ake mwaulemu. Sikufunika chuma chambiri: mbatata yootcha, kapena mkute wa dzulo, kapena phala lothira nsinjiro asananyamuke, ndi mphasa yoyalidwa msanga kukangoda.