Mbamba Bay ikukula: khonsolo iyambire pati?

Kwa zaka zambiri Mbamba Bay inali kadoko ka asodzi kumapeto kwa msewu wafumbi wotsika m'mapiri a Amatengo. Dzinja likafika galimoto zinkatitimira m'matope, ndipo katundu ankachedwa kufika ku Mbinga. Zinthu zinayamba kusintha mu 2012 pamene dziko la Tanzania linagawa boma la Mbinga n'kukhazikitsa boma la Nyasa, likulu lake kukhala Mbamba Bay.

Kalembera wa 2012 anapeza anthu oposa 146,000 m'bomali, ndipo pofika 2022 anali atapitirira 190,000. Mu Seputembala 2024 Pulezidenti Samia Suluhu Hassan anatsegula msewu wa phula wa makilomita 66 wochokera ku Mbinga, n'kuikanso mwala wa maziko a doko latsopano. Dokoli ndi gawo la ndondomeko ya Mtwara Development Corridor imene maiko a Tanzania, Malawi, Mozambique ndi Zambia anagwirizana mu 2004, yofuna kulumikiza doko la Mtwara ndi Nkhata Bay kutsidya la nyanja. Msewu ndi doko zimabweretsa malonda, koma zimabweretsanso ntchito zimene khonsolo siyenera kuzengereza.

Malo ayezedwe msanga

Tawuniyi ili pakati pa nyanja ndi mapiri, choncho malo athyathyathya ndi ochepa. Ogula akachuluka, oyamba kuluza amakhala mabanja amene alibe chikalata cha munda wawo wa chinangwa. Lamulo la malo a m'midzi la 1999 limalola kuti mwini munda alandire chikalata cha umwini wachikhalidwe, pamene lamulo la zachilengedwe la 2004 limaletsa kumanga zinthu zokhalitsa zoononga gombe m'kati mwa mamita 60 kuchokera kumadzi. Kukwera kwa nyanja mu 2024, kumene kunamiza nyumba m'madera ambiri a m'mphepete mwake, kunaonetsa kuti lamuloli limateteza ngakhale womanga amene.

Madzi ndi ukhondo

Kukhala pafupi ndi nyanja sikutanthauza kumwa madzi abwino. Pamene anthu amasamba, kuchapa ndi kutunga pamalo amodzi, likodzo ndi kolera sizichedwa kufala. Bungwe la RUWASA, limene linakhazikitsidwa mu 2019 kuti liziyang'anira madzi a kumidzi, likhoza kuika mipope, koma zimbudzi za pamsika ndi padoko komanso kotaya zinyalala ndi udindo wa khonsolo ndi eni mudzi.

Usipa ndi magombe

Usipa ndiwo ndiwo ndi ndalama za mabanja ambiri kuyambira ku Lituhi, Liuli mpaka ku Mbamba Bay. Woyanikidwa pamchenga umagulidwa motchipa, pamene wa pathandala umapeza mtengo wabwino. Magulu oyang'anira magombe, otchedwa BMU, afunika mphamvu zoletsa maukonde a maso ang'onoang'ono, ndipo asodzi ndi amayi oyanika nsomba asungiridwe malo awo kuti doko ndi nyumba zogona alendo zisawatsekereze.

Mapiri ndi misewu ya kumidzi

Nthaka yokokoloka m'mapiri imathera m'nyanja n'kukwirira malo oswanirana nsomba. Ulimi wa maenje wa Amatengo, wotchedwa ngoro, wakhala ukusunga nthaka pamalo otsetsereka kwa mibadwo yambiri, ndipo alangizi ayenera kuulimbikitsa. Nayo misewu ya kumidzi, imene ili m'manja mwa bungwe la TARURA kuyambira 2017, ikapanda kukonzedwa mlimi wa khofi ndi chinangwa sadzapindula ndi phula.

Malinga ndi lamulo, akuluakulu a mudzi sangagawe malo popanda chilolezo cha msonkhano wa anthu onse a m'mudzimo. Alangizi ndi atsogoleri a magulu athandize alimi, asodzi ndi amayi kufika pamisonkhano imeneyi ndi kufunsa mapu a malo asanavomereze chilichonse.