MWALA WAKUGWA M'CITSIME NDI MASAMU A ANA ATHU A KU SEKONDALE

Makolo ambiri a kumidzi amadabwa pamene mwana wao wa ku sekondale abwera pachuthi ndi buku la masamu lodzala ndi malembo ndi mizere yokhotakhota, manambala ali owerengeka cabe. Akamfunsa, mwanayo ayankha kuti akuphunzira calculus, ndipo nkhani ithera pomwepo cifukwa liuli liribe linzake m'Cinyanja. Komatu cimene ciri kuseri kwa liuli si cacilendo ai. Awa ndi masamu oyesera zinthu zosinthasintha, makamaka zinthu zoyenda, monga mwala wakugwa, njinga yotsetsereka paphiri, kapena basi imene ifuna kuima. Mwana amene afuna kudzakhala katswiri womanga milatho, woyang'anira migodi kapena wopanga makina sangawalambalale masamu amenewa, motero nkoyenera kuti inu makolo mudziweko cimene ana anu ali kulimbana naco.

Tiyeni tiyambire pacitsime. Mukagwetsa mwala m'dzenje lakuya, osauponya ndi mphamvu, m'sekondi yoyamba uyenda mamita 4.9. Pakutha masekondi 2 ukhala utayenda mamita 19.6, ndipo pakutha masekondi 3 mamita 44.1. Onani kuti m'sekondi yaciwiri mwalawo wayenda mtunda woposa wa sekondi yoyamba katatu, ndipo m'sekondi yacitatu kasanu. Ndiye kuti liwiro lace likukulirakulira nthawi yonse imene uli kugwa.

Tsono funso ndi ili: kodi mwalawo uli ndi liwiro lotani pa nthawi yeniyeni imene masekondi 2 akwana? Ana a ku pulaimale aphunzira kuti liwiro lipezeka pogawa mtunda ndi nthawi. Koma pa kamphindi kamodzi kokhako palibe mtunda umene wayendedwa, palibenso nthawi imene yapita, ndipo sitingagawe cinthu copanda kanthu ndi cinzace copanda kanthu. Apa mpamene calculus ilowerapo. Tiyamba tayesa kuyambira pa sekondi 2 kufika pa 3, ndipo tipeza mamita 24.5 pa sekondi. Tikafupikitsa nthawi, kuyambira pa 2 kufika pa 2.1, tipeza pafupifupi 20.1. Tikaifupikitsanso, kufika pa 2.01 cabe, tipeza pafupifupi 19.65. Manambalawa akusendera ku 19.6, ndipo limenelo ndilo liwiro la mwalawo pa kamphindi kameneko. Calculus ipatsa mwana njira yofikira pa nambala yomalizayo mwacidule, popanda kubwereza kugawa kosatha. Iri ndi njira inanso yobwerera m'mbuyo: ukadziwa liwiro la pa kamphindi kalikonse, uphatikiza timitunda tating'onoting'ono tonse ndi kupeza ulendo wathunthu.

Kumene Anacokera

Munthu amene anafotokoza bwino za kagwedwe ka zinthu ndi Galileo Galilei wa ku Italy, m'buku lace la caka ca 1638. Iye analibe koloko yabwino. Anali kugubuduza kampira ka citsulo pa thabwa lopendekeka, ndipo nthawi anali kuiyesa ndi kulemera kwa madzi amene anadontha kucokera m'cotengera pamene kampirako kanali kuyenda.

Pambuyo pace panadza Isaac Newton wa ku England. Nkhani yace iyenera kuwakhudza alimi, pakuti amace anamcotsa pasukulu ali mnyamata kuti aziyang'anira munda ndi ziweto kwao ku Woolsthorpe. Ulimi unamkanika, ndipo anabwezedwa kusukulu. M'zaka za 1665 ndi 1666 mliri unatseketsa yunivesite ya Cambridge, iye nabwerera kumudzi komweko, kumene anayala maziko a calculus. Malamulo ace atatu a kayendedwe ka zinthu anaturuka m'buku lochedwa Principia mu 1687. Gottfried Leibniz wa ku Germany naye anawatulukira payekha masamu omwewa nawasindikiza mu 1684, ndipo zizindikiro zambiri zimene muona m'makope a ana anu ndi za iyeyu.

Lamulo laciwiri la Newton ndilo mtima wa phunziro lonseli. Linena kuti nchito ya mphamvu ndiyo kusintha liwiro la cinthu, ndipo cinthu cikakhala colemera, mphamvu yomweyo icisintha pang'ono. Pamene mphamvuyo iri yosasintha, monga m'mene dziko likokera mwala uja, masamu wamba akwanira. Koma mphamvu zambiri za m'dziko sizikhala pamodzimodzi. Mnyamata wokoka malegeni adziwa kuti mpira uyamba wofewa, nunka nulimba pamene aukoka. Kuti tipeze mphamvu yonse imene yasungidwa mu mpirawo tiyenera kuphatikiza tizigawo tambirimbiri, kalikonse ndi kulimba kwace.

Citsanzo cina ndi mvula. Dontho locokera pa mtambo wa pa mamita 1,000, kukanakhala kopanda mpweya, likanafika pansi ndi liwiro la makilomita pafupifupi 500 pa ola. Koma mpweya ulibweza, ndipo likathamanga kwambiri nawonso ulibweza kwambiri, mpaka kukoka kwa dziko ndi kubweza kwa mpweya zilingana. Kuyambira pamenepo liwiro silikulanso, ndipo ngakhale madontho akuluakulu afika pa cimanga cathu ndi liwiro la makilomita ongopitirira 30 pa ola. Mwana wosadziwa calculus angouzidwa zimenezi nazikhulupirira. Wodziwa akhoza kuziwerengera yekha.

Pali cinanso cimene aliyense wokwera basi pa mseu wa Great East ayenera kucisunga. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira uwirikiza kanai. Ngati galimoto yothamanga makilomita 50 pa ola ifuna mamita 20 kuti iime mabuleki atagwira, galimoto yomweyo pa mseu womwewo idzafuna mamita 80 ikathamanga makilomita 100 pa ola. Ng'ombe imene iri pa mamita 40 ipulumuka kwa woyambayo. Waciwiri aigunda asanacepetse liwiro kwenikweni.

Bvuto la Kaphunzitsidwe

Kuno kwathu ciyambi ca calculus ciphunzitsidwa m'masamu a kumapeto kwa sekondale, ndipo ana amene atenga phunziro la Additional Mathematics apita nayo patali, mpaka kuwerengera liwiro ndi mtunda wa kanthu koyenda mu mzere woongoka. Koma kayendedwe ka zinthu kaphunzitsidwanso m'kalasi la fizikisi, kawirikawiri ndi mphunzitsi wina, pa nthawi yina, mwa njira yoloweza malamulo. Cotsatira cace ncakuti mwana akhoza kukhoza mayeso onse awiri osazindikira kuti aphunzitsi awiriwo anali kukamba cinthu cimodzi.

Ku America kuli kosi ya ana a sekondale opita patsogolo yochedwa AP Physics C: Mechanics, imene mayeso ace akonzedwa ndi bungwe la College Board. M'kosi imeneyi maphunziro awiriwa alukidwa pamodzi, ndipo mwana ayembekezeka kukhala ataphunzira kale calculus kapena kumaiphunzira caka comweco. Aphunzitsi amasiyana maganizo pa cimene ciyenera kutsogola. Ena ati masamu ayambe akhazikika. Ena ati kuyenda kwa zinthu ndiko khomo labwino lolowera m'masamuwo. Ife tiona kuti aciwiriwa ali ndi mfundo yolimba, pakuti mwana amene wagwetsapo mwala m'citsime ali nalo kale funso m'mutu, ndipo masamu abwera ngati yankho lace.

Ngakhale kumeneko zinthu sizinayende myaa. Mu 1985 Ibrahim Halloun ndi David Hestenes a pa yunivesite ya Arizona State anaonetsa kuti ophunzira ambiri atsiriza kosi ya fizikisi akali ndi maganizo olakwa omwe analowa nao. Mu 1992 Hestenes ndi anzace anasindikiza mayeso ochedwa Force Concept Inventory, a mafunso osafuna kuwerengera konse. Limodzi la mafunso otere likhudza lole yaikuru yogundana ndi kagalimoto kakang'ono: ndi iti imene ikankha inzace ndi mphamvu yoposa? Ambiri ayankha kuti ndi lole. Koma lamulo lacitatu la Newton linena kuti mphamvu ziwirizo nzolingana. Kagalimotoko kaonongeka kwambiri cifukwa nkopepuka ndiponso nkosalimba ngati lole, ndipo liwiro lace lisintha koposa. Ambirinso akhulupirira kuti colemera cigwa msanga kuposa copepuka, cikhalirenico mu 1971 David Scott wa ulendo wa Apollo 15 anagwetsa nyundo ndi nthenga pa mwezi, kumene kulibe mpweya, ndipo zinafika pansi pamodzi.

Eric Mazur wa pa yunivesite ya Harvard, ataona kuti ngakhale ophunzira ace ochuka ndi nzeru anali kuphunthwa pa mafunso otere, anasintha kaphunzitsidwe kace kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990. Anayamba kufunsa funso limodzi, aliyense nayankha payekha, kenaka nawauza kuti atsutsane ndi oyandikana nao asanayankhenso. Mu 1998 Richard Hake anasonkhanitsa zotsatira za ophunzira oposa 6,000 a m'makosi 62, napeza kuti kumene ophunzira anali kukambirana ndi kuyesa zinthu ndi manja ao, kumvetsa kwao kunakula pafupifupi kawiri poyerekeza ndi kumene anali kungomvetsera mphunzitsi.

Uwu ndi uthenga wabwino kwa masukulu a kumidzi, cifukwa kukambirana sikulira ndalama. Zipangizo nazo si zonse zofuna kugula m'tauni. Thabwa losalala ndi kampira zicita nchito imene zinamcitira Galileo. Mwala womangidwa ku cingwe ca mita imodzi, mukaukankha pang'ono, utenga masekondi pafupifupi 2 kupita ndi kubwera, ndipo ana adabwa poona kuti ngakhale mumangepo mwala wolemera kuposa woyambawo nthawi ikhala yomweyo. Foni yojambula kanema, ikapezeka imodzi pasukulu, ithandiza kuona pamene mwala wafika pa kamphindi kalikonse. Cimene cisowa kwenikweni ndi kugwirizana kwa mphunzitsi wa masamu ndi wa fizikisi, kuti akhale pansi ndi kulinganiza mitu yao isanayambe temu. Popeza mu 2025 Boma linayamba kugwiritsa nchito ndondomeko yatsopano ya maphunziro, imene iri ndi Fomu 5 ndi Fomu 6 pamwamba pa mafomu anai, nthawi yoganizira zimenezi ndi ino.

Kwa inu makolo, mwana wanu akabwera kudzanena kuti aphunzitsi amsankha kutenga Additional Mathematics, musamuopseze kuti ndi phunziro lolephereka, ndipo ngati ali mtsikana musamuuze kuti ndi la anyamata. Masamu amenewa adzakumana nao ndithu akapita kukaphunzira za uinjiniya pa Yunivesite ya Zambia ku Lusaka kapena ya Copperbelt ku Kitwe, ndipo nkwabwino kuti adzakumane nao ali odziwana kale. Mpatseni nthawi ndi nyali madzulo, pakuti funso limodzi likhoza kudya theka la ola. Ndipo mukafuna kudziwa ngati akumvadi zimene aphunzira, pitani naye pacitsime ndi koloko. Agwetse kamwala koyera, ayese masekondi kufikira mutamva kuti kagunda madzi, awirikize nambalayo ndi iyo yomwe, kenaka ndi 4.9. Kamwala kakatenga sekondi imodzi ndi theka, madzi ali pa mamita 11. Pambuyo pace tsitsani cingwe ca cidebe, muyese, muone ngati wanena zoona.